Chifuwa cha Alamu Anga

Nkhondo italowa chaka chachiwiri, m'tauni mwathu ngakhale mwana ankadziwa kuti mkulu wa asilikali, amene ndi alamu anga, akafuna kunama amayamba akhosomola. Eni ake okha ndiwo sankadziwa. Akati pa wailesi, "Khe, khe, adani athawa," amayi ankamanga katundu. Akalankhula kukhosi kuli mbee, mashopu ankatsegulidwa. Tinkakhala bwinobwino choncho.

Ine ntchito yanga inali yoyatsa makina m'kachipinda koulutsira mawu, kamene makoma ake tinakhomamo matiresi akale.

Lachinayi m'mawa alamuwo analowa maso ali psuu, mphuno ikuchucha.

"Alamu, yatsani. Anthu onse awoloke mlatho thwelofu isanakwane. Tiugumula kuti adani asadutse. Wotsala watsala."

"Zoona zimenezo?"

"Khe, khe. Zoona."

"Ndiye sawoloka munthu."

Ndinawaululira za chifuwa chawocho. Anakhala pansi.

"Zaka ziwiri zonsezi? Ndi mlongo wanu yemwe akudziwa?"

"Ndi amene anatiphunzitsa."

Tinayesa madzi otentha, uchi, ndi mankhwala a mlonda onunkha ngati tayala lopsa. Chifuwa chinachita kunenepa nazo. Ndinati angolengeza kuti mlatho uli bwino, aliyense akhale, chifuwa chigwire ntchito yake.

"Nanga chikandithawa pakatikati? Tipha anthu."

Anakoka maikolofoni.

"Abale anga, ndamva kuti ndikamanama ndimakhosomola. Lero ndili ndi chimfine chenicheni, ndiye tiyambe tasesa zakale. Khe. Akasinja makumi anayi ndinkanena aja alipo atatu, ndipo mmodzi timachita kukankha. Chipsera cha pamwendo changa si chipolopolo, ndi galu wa apongozi. Tsitsi lakudali ndi polishi wa nsapato. Tsiku ndege zinabwera ndinati ndinali patsogolo. Ndinali pansi pa tebulo ili, alamu anga ali pano anene."

"Munandigwiranso mwendo," ndinatero.

"Zimenezo simunafunsidwe. Khe, khe. Tsono munthu wadzivula chonchi anamizenso ndani? Mlatho ugwa thwelofu. Nyamulani ana ndi odwala, mipando isiyeni. Ine ndiwoloka pambuyo pa nonse, ndipo mantha ndili nawo."

Tinasuzumira pawindo. Msewu unali zii, alamu thukuta likuwatsika lakuda bii. Kenako telala wa pakona anatulukira, makina ake ali pa wilibala, mkazi wake pambuyo ndi ana. Anatsatira wometa tsitsi, aphunzitsi, achipatala ndi mabedi awo.

Alamu anakaima pamlatho kuwerenga anthu, akuyetsemula. Palibe anawachitira sawatcha, koma aliyense ankati akawayang'ana n'kufulumiza phazi. Womaliza anali makanika wokalamba, batire lili paphewa. Anaima.

"Bwana, kasinja wokankha uja ali tsidya liti?"

"Tsidya ilo, madala."

"Tiyeni mukandionetse. Mukananena kale, bwenzi akulira yekha."