Maekala Asanu Kuseri kwa Mwezi

Fexon Mhone anakhala pa Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja m'dziko la eni, zaka makumi atatu akugulitsa usipa wouma, koma analibe ngakhale kadothi kodzaza chikhatho koti n'kunena kuti ndi kake. Malamulo salola Mmalawi kukhala ndi malo kumeneko. Nyumba anamanga yekha, inde, koma pamalo a makolo a mkazi wake Oliva. Oliva atangomwalira, mlamu wake Theophil anayamba kuzungulira mpanda m'mawa uliwonse ngati wataya singano.

Ndiye mwana wake Vanessa, amene amagwira ntchito ku Dar, anamutumizira pepala la chidindo chonyezimira. Linkati bambo Fexon ndi mwini wa maekala asanu pa chimwala china choyandama mumlengalenga, kutali kuseri kwa mwezi. Mwanayo ankangofuna kuseketsa bambo ake. Bambowo sanaseke, anasita malaya.

Ku ofesi ya zamalo, mayi Devota anawerenga pepalalo kawiri, n'kuyang'ananso kumbuyo kwake. Fexon anafunsa ngati angamulembe m'kaundula, komanso ngati anansi akufunika kudzachitira umboni malire monga amachitira m'mudzi wa Mbaha. Mbewu ya chinangwa yodzala m'malire anali nayo kale, ankangofuna kudziwa kokwerera.

Mayiwo anafotokoza mwaulemu kuti maiko anagwirizana kalekale kuti zam'mwambazo si za dziko lililonse, choncho palibe boma lingapatse munthu malo kumeneko. Ena amati ukakumbako mwala n'kubwera nawo ndi wako, koma ngakhale pamenepo anthu ophunzira amakanganabe.

"Pepani mayi, mutu wanga waima," anatero Fexon. "Pano mumandikaniza chifukwa nthaka ndi ya dziko. Kumwambako mukundikaniza chifukwa si ya dziko. Nanga mlendo kumeneko ndi ndani?"

"Tonse, mzee."

"Nanga eni ake?"

Mayi Devota anangomubwezera pepala lija.

Fexon anatuluka ali ndi manyazi. Kwawo ku Nkhata Bay omudziwa anatha kalekale, ndipo kubwererako kukanakhala kukapempha pogona kwa adzukulu a anthu ena. Miyendo inamutengera yokha kumanda a tchalitchi. Pambali pa mtanda wa Oliva panali kamalo ka udzu, ndipo anangopezeka akukayeza ndi mapazi. Asanu ndi awiri m'litali, atatu m'lifupi.

Theophil, pochokera ku dimba, anamupeza akuyezanso kachitatu. Anaima khasu lili paphewa.

"Nyumba ija ana anga akuifuna, shemeji, sindikunamizani," anatero mlamuyo. "Koma apo ndi panu. Sipafunika pepala."

Fexon anathokoza. Anapinda maekala asanu aja n'kuwaika m'thumba la malaya, kenako anagwada n'kuyamba kuzula udzu pamalo ake.