Madzi Ozungulira Dzira

Dora ndi amuna ake a Japhet anakhala m'banja zaka zambiri ku Zakazaka popanda mwana. Kwa asing'anga anayendako, kuphiri anakwerako kukapemphera, koma mimba osabwera. Potsiriza anapita kuchipatala china ku Joni, komwe madokotala anachotsa mazira mwa Dora, kuwaphatikiza ndi mbewu ya mwamuna wake, n'kumubwezera m'chiberekero.

Atabwerako, Dora anayamba kumva nseru. Fungo la usipa mumsika wa Zomba linkamuthamangitsa. Amayi a mvano ankamuyang'ana pamimba n'kumatsinana. Iye mtima unali m'mwamba. Anakayezetsa magazi mtauni monga anamuuzira, zotsatira n'kuzitumiza ku Joni.

Loweruka lina a Japhet anamutengera pamwamba pa phiri kuti akapitidwe mphepo. Ali chikhalire pamwala pakati pa mitengo ya paini, foni inalira. Anali dokotala wawo, a Amira.

"Mayi, pepani. Mimba sinakhale."

"Nanga nseruwu?" anafunsa Dora.

"Ndi mankhwala aja tinakupatsani. Tinayezanso madzi omwe amazungulira dzira lililonse. Zomwe tapeza m'madzimo zikusonyeza kuti mazira anu ndi ofooka. Tikayesanso, mwayi ndi wochepa kwambiri."

Dora anathokoza mwaulemu, n'kuika foni pansi. Misozi sinatuluke. Amene anayamba kulira ndi a Japhet, mokweza ngati pamaliro, mpaka amayi ogulitsa mabulosi anatembenuka.

Mawa lake anapita ku Likangala kwa amayi a Japhet, omwe anali atayamba kale kuluka kajuzi ka mwana, n'kuwauza kuti mimba sinakhale.

"Ndiye vuto lili kwa ndani?" anafunsa apongoziwo, maso ali pa Dora.

"Lili kwa ine, amayi," anatero a Japhet. "Madokotala apeza kuti ine ndi amene sindingabereke."

Gogoyo anagwira pakamwa, kenaka anagwada pamaso pa Dora. "Mwana wanga, undikhululukire. Zaka zonsezi ndinkakunena iwe."

Apa ndi pomwe Dora analira, mpaka mawu anatha. Pobwerera anauza mwamuna wake kuti, "Simukanayenera kunama."

"Bodzalo ndi langa, ndidzalisenza ndekha," anayankha.

Ku Joni sanabwererenso. Abale a mwamunayo anasiya kumunyoza Dora, koma a Japhet anasiya kupita kubawo, chifukwa anzawo ankangoti zii iwo akafika.