Chithunzi Chosauma

Amakaniko anali atachikhudza kale kasanu chithunzicho kuyambira m'mawa, ndipo kasanu konseko chala chinabwerako ndi penti. Anapukutira pa ovolosi n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma la galaja. Inali leveni koloko. Basi ya Mzime, mwana wawo wamkazi wotsiriza, inali yonyamuka folo koloko.

Kujambula anakuyamba ukulu, imvi zitatuluka kale. Ankadula timatabwa tosaposa kope la kusukulu, n'kumajambulapo mapiri, mitengo ndi mitambo ndi penti yamafuta ya m'timachubu. Anthu sankawajambula, ati anthu sakhazikika. Chonsecho wosakhazikika anali iwowo. Munthu woti galimoto ikachedwa kulira amaigogoda ndi sipanala, ndiye akasankhe penti yofuna masabata awiri kuti iume! Ena amadziputira okha mavuto.

Pa kathabwa ka leroka panali kamtunda ka kuseri kwa nyumba yawo, monga mmene kamaonekera pawindo la chipinda cha Mzime: thanki yamadzi yadzimbiri, mitengo itatu, ndi kanjira kofiira kokhotera kumanzere. Anakayamba masabata atatu apitawo, tsiku limene Mzime anawauza kuti wapeza ntchito yaunamwino kutali, ulendo wa masiku awiri pa basi. Tsiku limenelo Amakaniko anapsa mtima, n'kunena mawu oipa. "Ukapita upitiretu, usadzandipondereponso pakhomo pano." Kuyambira pamenepo bambo ndi mwana ankangodutsana pakhonde, aliyense maso kumbali.

Mawuwo ankawadya mumtima, koma kupepesa ndi pakamwa sankakudziwa. Pepani wawo anali chithunzicho. Mzime akakwera basi osachilandira, ndiye kuti wapita ndi mawu aja okha. Ndipo chikanauma kalekale akanachisiya. Koma akaweruka ankachibwereranso: mtambo walemera, kanjira kanenepa, afufute apa, awonjezere apo. Dzulo lomweli anapakanso thambo lonse.

"Achimwene, galimoto imeneyo mwaizungulira katatu osaigwira," anatero Awelda, mnzawo wowotcherera zitsulo, atakweza chigalasi chawo pamphumi. "Mwataya chiyani?"

"Penti ikukana kuuma."

"Kaikeni padzuwa."

"Pafumbi ponse paja? Mufuna mwana wanga akapachike msewu pakhoma?"

Chithunzicho anachikupiza ndi katoni. Anachiuzira ndi pakamwa mpaka chizungulire. Anachisuntha kuchoka pa shelefu kupita pawindo, kuchoka pawindo kubwereranso pa shelefu. Anagwira nati, n'kuiwala kumene amati aimange. Kenaka maso awo anagwera pa kalole kamene anali atangokakonza, injini ikulira pang'onopang'ono, yofunda bwino. Penti ya galimoto si imauma ndi kutentha? Nanga iyi yasiyana pati, zonse si penti? Nzeru za umakaniko zimenezo. Anakhazika kathabwa kaja pamwamba pa injini, natsitsa boneti mosamala.

"Mphindi teni zokha," anadziuza.

Pomwepo foni inalira. Anali akazi awo.

"Bambo a Mzime, mwana wamanga katundu. Mubwera kudepoti kapena simubwera?"

"Ndili ndi ntchito."

"Ntchito yake iti? Mungomuuza kuti yenda bwino, basi. Lilime lithothoka?"

Anakangana mpaka khutu kutentha. Atangodula foni, kunabwera mwini galimoto ina kudzadandaula za mabuleki, munthu wolongolola ngati wailesi. Amakaniko anagona pansi pa galimoto yake, nadzuka, nagonanso. Chimene chinawakumbutsa chinali fungo.

Atatsegula boneti, anapeza chithunzi chitawonongeka. Thambo lonse linali litachita makwinya ngati pamwamba pa mkaka wowiritsa. Kunjenjemera kwa injini kunali kutapendeketsa kathabwako, ndipo thanki yamadzi inali itatsetsereka n'kukatsamira mtengo. Anadina ndi chala pakona. Pamwamba pokha ndi pamene panagwira, pansi penti inali yaiwisi ngati dzulo.

Awelda anasuzumira, natsegula pakamwa kuti aseke. Ataona nkhope ya mnzawoyo anatsitsa chigalasi chawo n'kubwerera ku zitsulo.

Amakaniko anayesa kusalaza makwinyawo ndi nsonga ya sikuludilaiva, koma thambo linang'ambika. Anakaima pa mgolo wa zinyalala, chithunzi m'manja. Anachoka. Anabwereranso. Manyazi anawagwira, ndi mkwiyo womwe, koma choposa zonse anali mantha. Wotchi inati hafu pasiti fili.

Anatuluka ndi ovolosi yomweyo, kathabwa kali pachikhatho ngati woperekera zakudya mu lesitilanti. Mumsewu anthu anali pikitipikiti. Wanjinga anawaphonya pang'ono, mayi wina anawagunda ndi ambulera, iwo akungokuwa kuti, "Penti! Penti yaiwisi!" Anthu ankapatuka poganiza kuti mutu wawo sukuyenda bwino.

Anapeza Mzime ndi amayi ake pakhomo la basi, zikwama zitakwezedwa kale. Mzime atawaona anaumitsa nkhope. Amayi ake anayang'ana kumwamba ngati sakuwadziwa.

Amakaniko anangotambasula dzanja, akupumira m'mwamba.

Mzime anayang'ana kathabwako nthawi yaitali. "Uku ndi kuseri kwathu."

"Chawonongeka. Ndinachiika pa injini."

"Pa injini, ababa?"

"Kuti chiume msanga."

Amayi ake anagwira pakamwa. Mzime analimbana nako kuseka, koma kunamugonjetsa, ndipo anaseka mpaka misozi. Kuseka kutatha misoziyo sinaleke. Anatambasula manja kuti alandire.

"Gwira m'mbali! Sichinaume. Usachiike m'chikwama, usachivundikire ndi nsalu. Uchikhazike pamiyendo, chonchi, choyang'ana kumwamba."

"Masiku awiri onse?"

"Ukagona chigwa. Usagone."

"Chabwino, ababa. Ndiye chikauma ndichipachike?"

"Upachike, koma sichinathe. Chimafunika vanishi, apo ayi mitundu imazilala. Ndipo vanishi sapaka msanga. Pafunika padutse miyezi sikisi, penti iumiretu mpaka m'kati."

Kondakitala anamenya m'mbali mwa basi, akukuwa kuti otsala atsale. Mzime anaika phazi limodzi pa sitepe, natembenuka. Sanaseke ulendo uno. Anawayang'ana bambo ake m'maso, koyamba m'masabata atatu.

"Ine kupaka vanishi sindidziwa, ababa. Kumeneko ndikampeza ndani?"

Amakaniko anayang'ana nsapato zawo zamafuta.

"Usapatse munthu wina, angakuwonongere," anatero ndi mawu osasa. "Udzabwere nacho kunyumba, mwana wanga. Ndidzapaka ndekha."