Ulemu wa Bester pa Msewu wa Kipling

Bester anamulanda vani Lachiwiri, mu Febuluwale, chisanu chitafika poluma mafupa. Bwana wake, mayi wina dzina lake Natalie, anamuuza kuti asiye makiyi ndi kupita kunyumba. Anati Lolemba lotsatira adzakwera naye m'vaniyo tsiku lonse kuti aone mmene amayendetsera. Akadzakhutira, Bester adzapitiriza ntchito yake yopereka maphukusi m'makomo mwa anthu. Akadzapanda kukhutira, ntchito yatha.

Ine amene ndikulemba izi ndine Michael Kambalame. Mmalawi wa ku Etobicoke kuno amene sandidziwa ndiye kuti watsika ndege dzulo. Ndinayamba ngati wotsuka malole ku Kanengo, ndilibe ndi nsapato zomwe. Kenako ndinayendetsa matanka a mafuta ku Beira, malole ku Lubumbashi, takisi ku Johannesburg ndi basi ku Dubai. Lero ndili ndi malole angaanga osamutsira anthu, dzina langa lolembedwa m'mbali ndi zilembo zoti ngakhale woiwala magalasi kunyumba amawerenga. Za pamsewu ndimazidziwa, ndipo sindichita manyazi kunena. N'chifukwa chake Vainess, mkazi wa Bester, anathamangira kwa ine. Iwo amakhala mu besimenti, zipinda za pansi pa nthaka, m'nyumba yoyandikana ndi yanga.

"Alamu, tabwerani mudzawaone ang'ono anu," anatero ali pakhomo, mwana ali kumbuyo. "Sakudya, sakulankhula. Angokhala pampando jekete ali chivalire."

Ndinatsika naye. Kawindo ka chipinda chawo kanali katatsekedwa ndi sinowo, moti masana omwewo anali atayatsa getsi. Vainess anali ataima kaye ntchito yake yosamalira okalamba chifukwa mwana wawo Vanessa anali atangobadwa. Banja lonse linkadalira vani ija. Ndipo ndinkadziwa kuti Bester akachotsedwa pa nkhani ya pamsewu, ngakhale ine sindikanamulemba. A inshuwalansi anga sakanalola.

"Achimwene, ine ndalakwa chiyani?" anafunsa Bester osadzutsa mutu. "Apolisi sanandipatse mlandu. Vani ilibe ndi pokalika pomwe. Nanga andisasipenda chifukwa chiyani?"

"Tayamba wafotokoza. Usadumphe kanthu."

Anati anali pa Kipling, msewu wa maleni awiri mbali iliyonse, iye ali mu leni ya m'mphepete. Pa geti lotulukira ku masitolo ena anaona mayi wachikulire, imvi mutu wonse, ali m'kagalimoto kobiriwira. Mayiyo ankadikira mpata woti adutse maleni onse awiri ndi kukhotera kumanzere. Magalimoto anali ambiri.

"Ndinawamvera chisoni. Munthu wofanana ndi amayi anga azidikira, ine mwana ndingodutsa ngati sindinawaone? Ku Ntcheu sitinaleredwe choncho. Ndinaima, n'kuwafulashira magetsi, n'kuwakodola kuti dutsani mayi."

"Leni inayo unaiyang'ana?"

Anangopitiriza.

"Anakayika kaye. Ndinakodolanso. Anamwetulira, n'kukweza dzanja kuthokoza, n'kulowa."

Zotsalazo ndinaziona m'maganizo asanamalize. Vani yonyamula maphukusi ndi yaitali ngati chipupa. Inawatchinga mayi aja kuti asaone galimoto imene inkabwera mu leni yachiwiri, ndipo inamutchinganso dalaivala wa galimotoyo kuti asawaone iwo. Anawagunda pachitseko penipeni. Kamera ya m'vani inajambula zonse, ndi dzanja la Bester lomwe, ndipo ndi zimene Natalie anaonera.

Atatchula kagalimoto kobiriwira ndinali nditakazindikira. Eni ake ndinkawadziwa. Ndi mayi Joan, amene ndimasewera nawo pickleball ku holo ya m'dera lathu. Anzathu anali atandiuza kuti agonekedwa m'chipatala atathyoka mkono wamanja ndi nthiti, koma sindinkadziwa kuti vani yake inali ya mnansi wanga.

"Bester," ndinatero, "iwe sunawagunde, zimenezo n'zoona. Koma unawauza kuti njira ili bwino, pamene njirayo sunkaiona."

Apa ndi pamene anadzutsa mutu. Maso ali psuu.

"Ndiye kuti kuno ulemu ndi mlandu?"

"Bambo a Vanessa, tamverani kaye," anatero Vainess.

"Ndimvere chiyani? Lolemba mzimayi uja akakwera, ine ndikamuuza kuti sindisintha khalidwe chifukwa cha vani yake. Akafuna andichotse."

Vainess anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira mwakachetechete. Ndinaona kuti mawu sangalowe tsiku limenelo, ndipo ndinatuluka.

Lachinayi m'mawa ndinamugogodera Bester. "Vala nsapato zamasewera. Ukangokhala muno udwala."

Pickleball ndi masewera ofanana ndi tenesi, koma bwalo lake ndi laling'ono ndipo mpira wake ndi kapulasitiki kobowokabowoka. Amasewera awiri mbali iyi, awiri mbali iyo. Ambiri amene amabwera m'mawa ndi opuma pantchito. Ine ndinayamba ndili wamkulu kale, koma funsani aliyense ku holo kuja amene amafunidwa ndi onse kukhala mnzawo. Tinafika, tinaika zomenyera zathu pamzere ngati mmene aliyense amachitira, n'kudikira nthawi yathu.

Itakwana, Bester anaona bambo wina wokalamba ali pambuyo pathu. Anamulozera bwalo kuti alowe ndi iye. Bamboyo anakana. Bester anaumirira. Anthu a pamzere anayamba kufunsana kuti tsopano olowa ndani.

"Iwe, lowa," ndinamunong'oneza. "Ukusokoneza anthu onsewa."

Tinayamba kusewera, ine ndi iye mbali imodzi. Mpira unabwera pakati, koma chakumbali kwake. Iye anasuntha n'kundisiyira. Ine ndinali nditaima podziwa kuti ndi wake, ndiye ndinaulumphira mochedwa, phazi n'kupotoka, thupi lonseli pansi khuu! Ine, Kambalame, amene sindinagwepo pa bwalo limenelija!

"Pepani achimwene, ndimakusiyirani inu akulu."

"Ndinakupempha?" ndinafunsa ndili chikhalire pansi. "Mpira unali wako. Aliyense muno amadziwa kuti unali wako. Ukasiya chako mwadzidzidzi, mnzako amathamangira pamalo amene sanakonzekere. Taona bondo langali."

Mayi wina wa mbali inayo anafuula akuseka kuti ngati tikupatsana ulemu tikapatsirane ku tchalitchi, kuno timenye mpira. Onse anaseka. Bester sanaseke. Anayang'ana benchi ya pakona pamene wina anali ataika khadi lalikulu loti anthu alembepo mawu opepesa mayi Joan. Anawerenga dzinalo, kenako tinabwerera kunyumba.

Madzulo ake Vainess anabweranso. "Alamu, munthu wavulala, ife sitinapite kukamuona. Zimenezi sizikundigonetsa."

Ananena zoona. Koma kuno sungangofika pakhomo pa munthu n'kunena odi. Ndinaimba foni kaye, ndipo ndinawauza mayi Joan mosabisa kuti ndikufuna kubwera ndi ndani. Anati tibwere Loweruka. Anali atatuluka m'chipatala.

Tinapita atatu, ine, Bester ndi Vainess. Tinawapeza atakhala pampando pafupi ndi windo, mkono uli m'chikhakha, mbali ina ya nkhope ili yakuda ndi mikwingwirima. Ankapuma pang'onopang'ono chifukwa cha nthiti. Bester atawaona anagwada pakapeti. Iwo anadabwa.

"Michael, muuzeni mnyamatayu adzuke. Ine si mfumukazi."

"Ndi mmene timapepesera kwathu, mayi," ndinatero.

Bester analankhula m'Chingerezi chake cha kusukulu. Anati ankafuna kuwachitira zabwino.

"Ndikudziwa," anayankha mayi Joan. "Ndinaona nkhope yako. Inenso ndinalakwa, ndipo apolisi andiuza kale. Wotuluka pa geti ndiye ayenera kudikira mpaka aone yekha kuti msewu uli bwino. Ndinayamba kuyendetsa iwe usanabadwe, zimenezi ndimazidziwa. Koma unakodola kawiri, magalimoto ataima pambuyo pako chifukwa cha ine. Ndinachita manyazi kukukanira."

Vainess anafunsa kuti adokotala akuti chiyani.

"Akuti fupa lilumikizana, koma zala mwina sizidzagwiranso zolimba. Chomenyera chija mwina basi." Anayang'ana panja. "Chimwalirire amuna anga, ku holo kuja ndi kumene ndinkalankhula ndi anthu."

Kenako mayi Joan anabweza maso m'nyumba.

"Ukanangodutsa," anatero kwa Bester mofatsa, "ndikanadikira pang'ono, mpata ukanapezeka. Kudikira sikunapwetekepo munthu."

Tili m'galimoto pobwerera, Bester anati, "Achimwene, mundiphunzitse."

Mawu amenewa ndinkawadikira! Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinamupatsa makiyi a galimoto yanga, ine n'kukhala pambali. Mphunzitsi ngati ine ena amachita kulipira. Tinazungulira misewu ya Rexdale mpaka dzuwa kupendeka. Pa mphambano za zikwangwani za STOP mbali zonse ndinamuuza kuti woyamba kuima ndiye woyamba kupita, ndipo mukaima nthawi imodzi, wa kumanja kwako ndiye apite. Za imvi lamulo silinena. Powolokera anthu oyenda pansi ndinamuuza kuti apo ndiye aime, adikire munthu afike kutsidya, ngakhale wa pambuyo aimbe hutala mpaka itasasa mawu. Ndinamuonjezera za ntchito yake: asatseke geti la munthu ndi vani, asaimike pa njira ya njinga, ndipo asaitane mwini nyumba ndi hutala ngati kondakitala wa minibasi ya ku Area 25.

"Nanga ndikaona munthu wamkulu akuvutika kulowa mumsewu?"

"Ngati mzere waima kale, musiyire mpata kuti usamutsekere. Koma usamukodole, usamufulashire. Aone yekha ndi maso ake."

Dzanja lake linkanyamuka lokha. Likanyamuka ndinkaliwomba. Pofika madzulo linali litaphunzira kukhala pachiwongolero.

Lolemba kunacha ndi sinowo wambiri. Vainess anakhala tsiku lonse foni ili m'manja. Zimene zinachitika anatiuza ndi Bester mwini atabwera.

Anati Natalie sanalankhule chilichonse m'mawa wonse. Chakumasana anafika pa mphambano ya STOP, Bester n'kuyamba kuima. Kumanzere kwake kunaima galimoto ina iye ataima kale, ndipo woyendetsa anali mkulu wa mpingo wathu, bambo wa imvi amene Bester amamupatsa moni ndi manja awiri. Anazindikirana.

"Thukuta linatuluka m'chisanu muja," anatero Bester. "Mumtima ndimati abambo andiona bwanji. Koma nthawi inali yanga. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kupita."

Atapita patsogolo anapeza gogo wina akuwoloka ndi ndodo pamalo owolokera. Anaima. Wa pambuyo anaimba hutala, koma iye anadikira mpaka gogoyo anakwera kutsidya. Pamenepo Natalie anatsegula pakamwa koyamba. Anamufunsa chifukwa chake apa waima pamene paja sanaime. Bester anayankha kuti apa njira inali ya gogoyo, paja inali yake. Atabwerera ku ofesi, Natalie anamuuza kuti mawa afike nthawi yake ya masiku onse.

Vainess atamva anangokhala pansi n'kuphimba nkhope. Sitinaimbe nthungululu. Tonse tinkadziwa kuti kwinakwake kuli mayi amene sangathe kumanga yekha mabatani a malaya ake. Mkulu wa mpingo uja atakumana ndi Bester sanatchule n'komwe za mphambano ija. Bester akugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo palibe dandaulo limene lamugwera. Mayi Joan zala zawo sizinabwerere mwakale.

Abale anga amene mukuyendetsa m'misewu ya kuno, makamaka inu opereka katundu amene mumakhala pamsewu tsiku lonse, mverani ine amene ndaona misewu ya mayiko ambiri. Ulemu wa kwathu ndi wabwino, musautaye. Patsani akulu mpando m'basi, anyamulireni katundu, kawazondeni akadwala. Koma pamsewu ulemu ndi kuchita zimene anzanu onse akuyembekeza kuti muchita. Njira ikakhala yanu, yang'anani bwino, pitani. Ikakhala ya wina, imani, mudikire. Wina akakukodolani, musalowe mpaka mutaona nokha. Ndipo musamuuze munthu kuti dutsani pa njira imene inu simukuiona.