Ndege Imene Inatenga a Nesi

Uthenga unafika Lachinayi masana, Agness Mhone akusita makatani m'nyumba yake ku Chintheche. Unali mwezi wa Okutobala, chaka cha 2020, kukutentha kwambiri. Wotumiza anali Grace, mnzake amene anaphunzira naye unamwino ali atsikana. Iye anali adakali ku Mangalande.

Pafoni panali kanema wamfupi. Ndege yaikulu ya linunda pamutu, ya mainjini anayi, inathamanga pabwalo lonyowa ndi mvula, n'kudzuka pang'onopang'ono mpaka kulowa m'mitambo. Antchito a pabwalopo anaima mzere kuibayibitsa. Pansi pake Grace analemba kuti: "Jumbo yathu ija yapuma ntchito lero. Akuti akaiphwasula. Ukukumbukira?"

Agness anazimitsa simbi n'kukhala pampando. Ankakumbukira.

Ananyamuka mu Epulo 2002, anamwino asanu ndi anayi. Ndege yaing'ono inawatula ku Joni, ndipo kumeneko anawalowetsa mu imeneyi. Atangodutsa pakhomo, Grace anamugwira mkono. "Iwe, muli masitepe." Munalidi masitepe okwera kuchipinda chapamwamba, kumene anthu ngati iwo sankafikako. Anthu anali ochuluka ngati mpingo pa Sabata ya mgonero. Mpando wake unali pakati pa mzere wa anthu anayi, pakati pa Grace ndi mzungu wina wokalamba amene anamuthandiza kumanga lamba. Antchito a mu ndege anamupatsa kabulangete kopyapyala, masokosi ndi kamswachi. Pofika ku London mapazi anali atatupa, moti nsapato zatsopano zija anatsika atazipondera kumbuyo.

Kwawo anasiya mwana mmodzi, Jackie, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo a mwanayo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Anamusiya kwa mkulu wake Mercy, ku Kande, n'kumulonjeza kuti akangokhazikika adzamutenga.

Kukhazikikako kunavuta. Kuno anali mzamba wobereketsa amayi. Kumeneko mapepala ake anati sakukwanira, ndipo anakalowa ntchito m'nyumba yosungiramo okalamba. Anasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza makolo a anthu ena kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Chiphaso cha Jackie anachifunsira kawiri, ndipo kawiri konse anamukana. Kumudzi anabwera kanayi kokha, ulendo uliwonse pa ndege yomweyo. Mawondo atayamba kukana, anabwerera kwawo kumapeto a 2019, n'kulowa m'nyumba imene anamangitsa ali kutali. Munali chipinda cha Jackie, chopaka penti wachikasu. Jackie anali asanagonemo.

Tsiku lotsatira uthenga wa Grace uja, Agness anakwera minibasi ya ku Kande atanyamula chikwama cha zovala za khanda. Jackie anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Loji imene ankagwirako ntchito inatseka matenda a korona atathamangitsa alendo, ndipo mwamuna wake Griffin ankaphunzitsa ku Mzimba, choncho anabwerera kwa Mercy kudzadikira nthawi yake.

Anapeza Mercy akuyanika chinangwa chovuula pathandala. Jackie anali pakhonde, miyendo atatambasula, akusankha mpunga m'lichero.

"Mwafika, a Nesi," anatero Jackie.

Anthu onse ku Chintheche ankamutchula a Nesi, ndipo mwana wakeyo ankatero nayenso. Mawu oti Ama anali a Mercy. Komanso ndi Mercy ankayankhula Chitonga, koma akatembenukira kwa Agness ankasinthira ku Chichewa, ngati akuyankhula ndi mlendo wa ku loji.

Agness anatsegula chikwama. Munali timajuzi, tizipewa, matewera ndi shawelo yoyera. Mercy anagwira chimodzichimodzi akuyamikira. Jackie anathokoza mwaulemu, koma sanasiye lichero.

Nkhani zitatha, Agness anatulutsa foni. "Taonani zimene Grace wanditumizira. Jumbo ija aisiyitsa ntchito."

"Jumbo?" anafunsa Mercy. "Si analetsa kale majumbo? Pamsika tikumangira tomato m'nyuzi."

"Si jumbo yonyamulira zinthu, akulu. Ndege ija ndinakwera ine."

Mercy anaseka mpaka kutsokomola, anayang'ana pang'ono, n'kubwerera kuthandala chifukwa nkhuku zinali zitayamba kukwera. Jackie ndiye analandira foniyo. Anaonera kanemayo mpaka kumapeto, n'kumubwerezanso.

"Ndi imeneyi," anatero. "Ndikuidziwa. Munandibweretsera kachidole kake ndili Sitandade 4."

"Ukukumbukira?"

"Ndinapita nako kusukulu. Ndinauza kalasi yonse kuti mayeso a chaka chimenecho sindilemba, ndikhala nditapita. Aphunzitsi anandiyimika kutsogolo kuti anzanga anditsanzike. Anandiyimbira nyimbo." Anabweza foni. "Januwale ndinabwerera m'kalasi momwemo. Kuyambira pamenepo dzina langa linali London. Mpaka lero ndikakumana ndi anzanga a ku pulayimale pamsika amandiitana choncho."

"Chiphaso anatikaniza, Jackie. Ukudziwa."

"Ndikudziwa. Kachiwiri ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kachitatu munafunsa liti?"

Agness anayang'ana chikwama chija. Kachitatu sanafunse. Atakanidwa kachiwiri anatopa, ndipo anaona kuti m'kachipinda kamene ankakhala ndi Grace munalibe poika mwana. Koma pafoni ankangonena kuti mapepala akuyenda.

"Sindinafunse," anatero.

"Ama ndi amene anandiuza, ndili Fomu 3. Anatopa kundiona ndikuphunzira Chingerezi cha m'mphuno pagalasi. Masamu ndinali nditawasiya, sayansi ndinasiya. Ndinkati zonse ndikayambira komweko."

"Ndinkaopa kukukhumudwitsa."

Jackie anapeta mpunga, n'kuuzira mankhusu. Kenaka anafunsa mosakweza mawu.

"Pali chinthu chimodzi ndakhala ndikufuna kudziwa. Mumauza anthu kuti tsiku limene munapita munalira kuchokera ku Joni mpaka ku London. Kutchalitchi munanena zomwezo pokulandirani. Munaliradi?"

Agness anali atanena nkhaniyo kambirimbiri moti mwiniwake anatsala pang'ono kuikhulupirira. Akanatha kuinenanso. Koma mwanayo ankamuyang'ana m'maso, zimene sankachita kawirikawiri.

"Ayi. Sindinalire."

"Munatani?"

"Ndinadya. Anabweretsa nkhuku ndi mpunga m'kambale kotentha, kabanzi ndi batala. Ndinadya zonse, ndi banzi la Grace lomwe. Kenaka ndinafunda kabulangete kaja n'kugona." Anaika foni pambali. "Zaka ziwiri ndinali ndisanagone bwino. Bambo ako ndinawadwazika ndekha miyezi khumi. Atamwalira, abale awo anadzatenga ngakhale bedi. Kuchipatala ndinkakhala ndekha ndi amayi makumi atatu, magolovesi palibe, ena akundifera m'manja. Mu ndege muja munalibe wondiitana. Munthu wina anabwera kudzandifunsa ngati ndikufuna tiyi kapena khofi. Ine. Ndinasangalala, Jackie. Mulungu andikhululukire, ndinasangalala."

Anayembekeza kuti mwanayo akalipa kapena kulira. Jackie anangogwedeza mutu.

"Yewo," anathokoza m'Chitonga. "Ndimadziwa kuti zinali choncho. Ndimangofuna mundiuze nokha."

"Ndinalira pambuyo pake. Ndinalira zaka."

"Mwina. Ine ndimafunsa za tsiku limenelo."

Mercy anabwera ndi mbale ya mango oyambirira, atamva kapena asanamve. Anakhala pansi n'kuyamba kusenda. Agness, pofuna kusintha nkhani, anafunsa za sikelo, za magazi, ngati mapazi akutupa. Jackie anayankha zonse bwinobwino.

"Masiku ako akayandikira ubwere udzakhale kwanga," anatero Agness. "Chipatala chili pafupi, ungoyenda wapansi. Chipinda chilipo. Ndipo ndidzakudikirira ine. Ana amene ndabereketsa ndi manja awa sindingawawerenge."

Jackie anayang'ana Mercy. Mercy anayang'ana mango.

"Chifukwa cha matendawa akulola wodikirira mmodzi yekha," anatero Jackie. "Ndinalembetsa kale dzina la Ama."

"Akuluwa saona bwino. Magazi amawaopa."

"Ndimawaopadi," anatero Mercy mofatsa. "Ndinamuuza mwanayu kuti mayi ako ndi nesi, tenga iyeyo."

"Anesi kuchipatala aliko," anatero Jackie. "Ine ndikufuna munthu amene ndikakuwa sindichita naye manyazi."

Agness anatseka chikwama chopanda kanthu chija. Mango sanadye. Mercy anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo ali chiimire kudikira minibasi anati, "Usamusungire mangawa. Ndi mimba imeneyo. Akachira mtima ukhala pansi."

"Mwanayo ndinakupatsani kuti mundisungire, akulu."

Mercy anapukuta manja pachitenje. "Ndinamusunga. Chikuku chinamugwira uli kumeneko. Atakula chinamwali ndinamulangiza ine. Griffin atabwera ndi abale ake, unali pafoni, foniyo ili pampando. Sindinakulande, Agness. Mwana amazolowera amene alipo."

Minibasi inaima, ndipo Agness anakwera osatsanzika.

Anamwino aja anali ndi gulu lawo pafoni, ndipo mauthenga anapitirira sabata yonse. Wina anakumbukira mmene anasokonezekera ndi chitseko cha chimbudzi, wina mmene anabisira timasupuni m'chikwama. Grace anatumiza chithunzi chakale, onse asanu ndi anayi ataima pabwalo la ndege m'majekete obwereka, akumwetulira. Awiri mwa iwo anali atamwalira chaka chomwecho ndi korona, atamutengera kuntchito, ndipo anaikidwa komweko popanda wachibale. Grace anafunsa kawiri chifukwa chake Agness sakuyankha. Agness analemba kuti netiweki ikuvuta.

Jackie anachira pa 19 Novembala, dzuwa litakwera. Mercy anaimba foni akupuma mwabefu: mwana wamkazi, onse ali bwino, koma panavuta pang'ono, mwana anachedwa kulira. Agness anaphika phala la mpunga, anathira m'fulasiki, anavala masiki n'kuyenda mpaka kuchipatala. Pageti mlonda anamuuza mwaulemu kuti wodikirira ali kale m'kati.

"Ndine mayi wake."

"Mayi ake ndi amene ali m'katimo, amayi. Analembetsa."

"Ndine namwino. Ndagwirapo ntchito m'wodi imeneyo."

"Pepani. Lamulo si langa."

Anakhala pamwala pansi pa mtengo, pamodzi ndi amuna odikira akazi awo ndi mayi wina wogulitsa nthochi. Patapita ola Mercy anatuluka, analandira fulasiki kudzera pageti, nati Jackie wagona. Agness anafunsa mafunso a ntchito yake: magazi anataya ochuluka bwanji, amusoka, mwana wayamwa? Mercy anayankha zimene ankadziwa, zomwe zinali zochepa.

Jackie ndi mwana atatuluka m'chipatala anapita ku Kande. Galimoto imene Griffin anabwereka inadutsa pamsewu, mamita ochepa kuchokera panyumba ya Agness, osaima. Madzulo Jackie anatumiza uthenga: "Zikomo phala lija. Mubwere Loweruka kudzaona mwana. Alendo ena abweranso tsiku lomwelo."

Loweruka Agness anapeza amayi asanu ndi awiri a Umanyano, gulu la amayi kutchalitchi, atakhala pamphasa pabalaza, ndi apongozi a Jackie amene anachokera ku Mzimba. Anamupatsa mpando chifukwa cha mawondo, namutsegulira Fanta. Mercy ankalowa ndi kutuluka kuchipinda, thewera lili paphewa. Anapemphera, anayimba nyimbo imodzi motsitsa mawu, kenaka anatulutsa mwana. Anayambira kwa apongozi, n'kumayenda dzanja ndi dzanja kuchokera kukhomo. Agness anali wachisanu ndi chimodzi.

Atamulandira, manja ake anachita zimene anazolowera. Anagwira liwombo, anayang'ana m'maso ngati muli chikasu, anafunyulula nsalu kuti aone mchombo. Zonse zinali bwino. Mchombo unali wouma ndi waukhondo, ndipo panalibe choti akonze kapena kulangiza. Mwanayo anali ndi makutu a Winston, malemu mwamuna wake. Anafuna kunena zimenezo, anakweza mutu kufuna Jackie, koma Jackie anali pakhomo la kuchipinda akuseka ndi Mercy m'Chitonga za sopo amene wasowa.

"A Nesi, tipatseniko nafe," anatero mayi amene anakhala pafupi naye, manja atatambasula kale.

Agness anafunditsa mwanayo bwinobwino, anachirikiza kamutu, n'kumupereka.