Chipatala Chabwino Chili Kutsidya

Dalaivala wina, amene anzake ankamutchula kuti Kamlomo, ankawolotsa odwala pa mlatho wa m'malire a mayiko awiri. Akakhala tsidya lino ankauza anthu kuti, "Kuno mufera pamzere! Kutsidya mankhwala ali mbwee, ngakhale mlonda amagawa." Akawoloka ankatembenuza lilime: "Mukudikira chiyani kuno? Kwathu madokotala amayeza munthu mpaka chikhadabo." Galimoto inkadzaza popita ndi pobwera pomwe.

Tsiku lina apongozi ake aakazi anadzuka mwendo utatupa. Anadzikhazika pampando wakutsogolo, ndodo ili pamiyendo.

"Akamwini, ndakhala ndikukumvani mukutama uku ndi uku. Lero mundiperekeze kumene mukanapita inuyo."

Kamlomo analiza galimoto. Anayambira kuchipatala cha kwawo. Dokotala anauyeza mwendowo mofatsa n'kulemba zonse papepala, koma pazenera lolandirira mankhwala anangowaonetsa mashelefu opanda kanthu. Basi, anawoloka mlatho. Kutsidyako mabotolo anali odzaza mpaka kudenga, koma dokotala anali atapita kumsonkhano sabata yonse. Wopereka mankhwala anawerenga pepala la kwawo lija n'kuwapatsa mapiritsi.

Pobwerera, apongozi anamuimitsa pakati pa mlatho. Anasuzumira uku, anasuzumira uko.

"Ndiye kuti mayiko awiri athunthu anagawana chipatala chimodzi, inuyo n'kukhala khonde lake?"

"Ndi momwemo, amayi."

"Chabwino. Adokotala ati ndizibwera Lachiwiri lililonse mpaka mwendowu uphwe. Pampando panopa musamakwezepo munthu."