Fungo Limene Genzo Ankabwera Nalo

Chaka chilichonse akangokolola mpunga, Genzo ankamanga katundu n'kukwera sitima kukafulula mowa kutali, kumusiya mkazi wake Tomie ndi ana m'chisanu. Amuna ambiri a m'mudzi mwawo ku Iwate ankatero, ndiye panalibe chodandaula. Chimene chinkamudya Tomie mumtima chinali kabweredwe kake. Munthu wochoka ndi manja okakala ngati khungwa ankabwera nawo osalala kuposa a namwali, ndipo m'malaya mwake munkamveka kafungo kotsekemera kachilendo. Tomie ankachapa malayawo akukukuta mano. Kufunsa sanafunsepo, koma mkazi mnzakeyo anali atamuumba kale m'mutu: woyera, wonenepa, wonunkhira.

Tsopano onse awiri imvi zinali mbuu, ndipo chisanu chimenechi chinali chomaliza cha Genzo pantchitoyo. Tomie analumbira kuti salowa m'manda asanamuone mkaziyo. Anakwera sitima osauza munthu, n'kukalowa m'gulu la alendo odzaona kafululidwe ndi kulawa mowa.

Kale mkazi sankaponda m'nyumba yofululiramo mowa imeneyo. Lero wotsogolera alendo anali mwini wake, Kuniko, mayi wa msinkhu wa ana a Tomie. Tomie anamuyeza ndi diso: wamng'ono kwambiri, si ameneyu.

Atangolowa anaiwala chimene anadzera. Nthunzi ya mpunga inali tolotolo mpaka ku mitanda yakuda ya kudenga, ndipo amuna ankathamanga ndi mpunga wotentha m'nsalu, osalankhulana, osagundana. Anamukweza pa makwerero kuti asuzumire mu mgolo wautali kuposa nyumba yake. Munali thovu loyera, likutukuka ndi kuphwa lokha popanda moto pansi, likunong'ona ngati mvula yoyamba kuwaza. Tomie anaphika mpunga moyo wake wonse, koma anali asanaumvepo ukupuma. Anagwidwa ndi mantha okoma, ngati munthu walowa m'kachisi.

Kenako anafika pa kachitseko kochindikala.

"Muno ndi mogona koji, chimera cha mowa wathu," anatero Kuniko. "Alipo wadya nato lero?"

Alendo anaseka. Tomie sanaseke. Nato, soya wosasitsa wonanda uja, ankamudya m'mawa uliwonse, ndipo lero anamudyera m'sitima. Asanayankhe, chitseko chinatseguka pang'ono, n'kutuluka Genzo, kansalu kumutu, thukuta kamukamu.

"Mayi! Kwagwanji kunyumba?"

"Palibe chagwa. Ndabwera kudzaona amene amakusungani kunoyo."

Genzo anakweza mphuno. "Mwadya nato inu."

"Nanga ndikanadya miyala?"

"Ndiye muno simulowa."

"Ndinadziwa ine! Mukubisa ndani m'menemo, bambo?"

"Pepani, amayi," analowererapo Kuniko. "Tizilombo ta nato ndi tankhanza. Tikangolowa muno koji amaonongeka, mowa wa chaka chonse n'kupita. Abambowa chisanu chonse nato sayandikira n'komwe."

Tomie anakumbukira mmene Genzo ankamezera nato tsiku lofika kunyumba, iye n'kumati mkazi uja amamumana chakudya. Anakhala pansi pa benchi, patali, manyazi atamugwira.

Alendo ena anasamba m'manja n'kuyamba kulowa. Chitseko chitatseguka chonse, mpweya wofunda unatuluka n'kumupeza pomwepo. Fungo lija! Lotsekemera, longa mbatata yootcha, lomwelo limene ankalichapa ndi mkwiyo zaka zonsezo.

Anasuzumira ali chikhalire. Mkatimo Genzo anali atawerama pa thebulo lalitali, akufundukula nsalu pang'onopang'ono ngati wina akugona. Pansi pake panali koji uja: mpunga, njere iliyonse itavala ubweya woyera. Anaupapasa ndi chikhatho kumva kutentha kwake, n'kuyamba kuufikisa mofatsa, akuulankhula chapansipansi. Ana ake omwe sanawagwirepo choncho. Woyera, wonenepa, wonunkhira: Tomie sanalakwitse ngakhale chimodzi.

Nthawi yolawa itakwana, Genzo anamubweretsera yekha kakapu ka mowa, n'kukaika kumapeto kwa benchi. Tomie anapsontha. Unali wozizira ngati madzi a pakasupe, kenako unafunda pachifuwa, ndipo kumapeto kwake kunali fungo lija. Misozi inalengeza.

"Ndiye ameneyu?"

"Ndani?"

"Mkazi mnzanga."

Genzo anayesa kuseka koma sizinatheke.

"Ndiye mukuti chisanu chikatha mukumusiya?" anafunsa Tomie.

Genzo anacheukira ku kachitseko kaja. Tomie anabwera kudzalanda mwamuna wake, koma tsopano anamumvera chisoni. Anatambasula dzanja kuti agwire manja osalala aja, kenako anakumbukira nato, n'kulibweza pachifuwa.

"Lowani msanga, bambo," anatero. "Angazizidwe."